Kwatsala masiku 9 kuti ndikadifende thesis yanga ya Nyanja ya Chilwa

Kwatsala masiku 9 basi. Imelo ija inabwera masabata angapo apitawo, tsiku alemba, chipinda alemba, nthawi yake 10 koloko m'mawa, nde kuyambira pamenepo tulo tanga tasokonekera, ndikumadzidzimuka cha m'ma 4 mbandakucha mtima ukugunda ngati ndimathamanga, n'kuyamba kuyankha mafunso mumdima muli ndekhandekha. Thesis, buku la kafukufuku wanga wa PhD, ili pompano patebulo pomwe ndikulembera izi, ndinakaipulintitsa n'kuimangitsa ndi kawaya kozungulira kaja, pano yafufuma chifukwa cha timapepala tomata tomwe ndaika m'mbali monse. Tachikasu ndi pomwe ndapeza kuti ndinalakwitsa sipelo kapena ndinadumpha mawu, tobiriwira ndi pomwe ndikudziwa kuti ndaima nji, tofiira ndi pomwe ndikuona kuti akandigwira. Tofiirato tilipo 14.

Abale kumudzi akumandifunsa pa WhatsApp kuti nde mayeso akowo ulemba maola angati, ena akuti tikukupempherera cholembera chisathe inki, ndathokoza kwambiri mapempherowo musasiye, koma ndati ndifotokoze kamodzi kuti tonse tidziwe chomwe tikupempherera. Palibe cholemba. Kulemba kunatha, zaka 4 zonse zija kunali kulemba komweko. Kuno ku Britain chomwe chatsala amachitcha viva, kudula mawu a Chilatini oti viva voce, kutanthauza kuti pakamwa, ndi mawu ako omwe. Umalowa m'kachipinda wamba chitseko n'kutseka, mkatimo muli anthu awiri omwe awerenga buku lako lonse, wina wa pa yunivesite yako yomweyo koma yemwe sanakuthandizepo pa ntchitoyi, ameneyo amati internal examiner, winayo wochokera ku yunivesite ina, katswiri pa nkhani yomwe walembayo, ameneyo ndi external. Malo ena amaikanso wapampando woti azingoonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa. A supervisor ako, aphunzitsi omwe akutsogolera pa ntchitoyi, akhoza kukhalamo ngati wavomera, koma sayankhula, amangokhala phee chakumbuyo n'kumalemba. Ma examiner aja aliyense amakhala walemba kale lipoti lake payekha asanaonane, nde akakumana amagwirizana kuti uyu timufunsa chani, ayambe ndani. Zimatenga maola 2, ena 3, ena kupitirira apo. Akatha amakuuza kuti tatulukani pang'ono, iwe n'kukaima panja pa chitseko, kenako amakuitana n'kukuuza tsiku lomwelo mmene zathera.

Mathero ake alipo angapo. Kukhoza opanda chokonza chilichonse zimachitika koma mwa apo ndi apo. Ambiri amapatsidwa ma minor corrections, timakonzedwe tating'onoting'ono toti umalize mwina m'miyezi 3. Ena ma major corrections, apo nde miyezi 6 kapena chaka, chaputala chathunthu kuchiphwasula n'kumanganso. Ena amauzidwa kuti akalembenso abweretsenso kuti ayesedwe kachiwiri, ndipo palinso kupatsidwa MPhil, digiri yotsikirapo, m'malo mwa PhD, chinthu chomwe tonse mu ofesi mwathu sitimachitchula n'komwe. Kwa ine kusiyana kwa minor ndi major si nkhani ya ulemu chabe ayi, ndi nkhani ya lendi ndi viza. Sikolashipu yanga inatha, pano ndikudalira maola 20 pa sabata omwe viza ya mwana wasukulu imalola kugwira ntchito, ndimasamalira agogo m'nyumba yosungira okalamba, nde miyezi ina 6 yoonjezera kuno ndikaiwerengera ndalama zake mutu umandizungulira. Komanso mwana wanga ndinamusiya ali sitandade 1, pano akumandiwerengera yekha nkhani pa foni, ndikufuna kupita kwathu.

Mnzanga wina yemwe timakhala naye ofesi imodzi ndi wa ku Netherlands, iye amadabwa kuti bwanji kuno amachitira zinthu mobisa chonchi. Kwawo akuti thesis imakhala yavomerezedwa kale ndi komiti, yapulintidwa kale ngati buku, nde kudifenda kumachitika pagulu, makolo ndi anzako ali pompo, iwe uli ndi anthu awiri okuperekeza pambali pako, mapulofesa atavala mikanjo, ndipo pakatha mphindi 45 kapena ola munthu wonyamula ndodo amalowa n'kumenya pansi n'kunena kuti hora est, nthawi yakwana, ngakhale uli pakati pa chiganizo umasiyira pomwepo. Ku Sweden amakhoma thesis ndi msomali pakhoma kapena pathabwa masabata 3 tsikulo lisanafike kuti aliyense wofuna aiwerenge. Nditamva zimenezi ndinalakalaka, chifukwa ine ndikanakonda amayi anga akanakhala pampando wakutsogolo atavala chilundu chawo cha Mvano. Koma kuno kulibe belu lokupulumutsa ndipo kulibe wokuombera m'manja, muli atatu kapena anayi basi, ndi botolo la madzi.

Thesis yanga ndi ya Nyanja ya Chilwa, makamaka mmene asodzi ndi azimayi a geni ya nsomba amakhalira nyanja ikauma ndi ikabwerera. Amene simunafikeko, Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, yakhudza Zomba, Machinga ndi Phalombe, kum'mawa kwake ndi malire a Mozambique. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira, Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani, ndi Mnembo wochokera ku Mozambique, madzi onsewo amachoka ndi dzuwa basi, nde pokhala yosaya, malo ambiri mamita 2 kapena 3 sakwana n'komwe, mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu zotsatizana nyanja imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, mu 2012 inaphwera kwambiri, mu 2018 mabwato anangogona pamatope ong'aluka pa doko la Kachulu. Koma imabwerera. Matemba, makumba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo a njedza, madzi akadzadza zimaswana mothamanga, pakapita zaka zochepa nsomba zayambanso kutuluka pa doko. Inalembedwanso pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, chifukwanso cha mbalame zake.

Ya 1995 ija ndimaikumbuka ndi maso anga, ndinali kamtsikana ka ku pulayimale. Amayi ankachita geni ya matemba, kukapikula ku Kachulu n'kumakagulitsa mu msika wa Zomba, yunifolomu yanga ndi makope zinkachokera mu dengu limenelo. Chaka chimenecho dengu linakhala pakhoma. Bambo anapita ku Mangochi kukakoka makoka a eni, anthu ena anatsikira pansi pa nyanja pomwe panali madzi n'kuyamba kulima, ena kutchera mbalame. Nde ndikamati ndinasankha mutu umenewu sindikutanthauza kuti ndinaupeza mu laibulale.

Mu laibulale ndinapezamo mkangano wa anthu ophunzira. Garrett Hardin analemba mu magazini ya Science mu 1968, chaka chomwecho Chilwa inauma, kuti chinthu cha tonse chimatha chifukwa aliyense amangofuna kutapa zambiri, anapereka chitsanzo cha msipu wa ng'ombe. Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira Nobel ya zachuma mu 2009, anaonetsa kuti si nthawi zonse, pali madera ambiri komwe anthu amadziikira malamulo okha n'kusamala nkhalango, madzi kapena nsomba kwa mibadwo. Anatchula mfundo 8 zomwe zimapezeka komwe zinthu zikuyenda bwino, ndipo yoyambirira ndi yoti malire adziwike, chinthucho chikuthera pati ndipo eni ake ndi ndani. Maganizo a mtundu umenewu ndi omwe ali kuseri kwa ma Beach Village Committee, ma BVC aja, omwe anafalikira m'nyanja zathu m'zaka za m'ma 1990, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linatsegula khomo loti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Nde funso langa linali loti, nanga nyanja yomwe gombe lake limasuntha makilomita, chaka chino pali madzi chaka chamawa pali mpunga, asodzi ake lero ali pa Chilwa mawa ali ku Chiuta kapena ku Malombe, malire ake uwalemba pati, nanga mwini wake ndi ndani?

Sabata yatha a supervisor anga anandikonzera mock viva, kuyeserera, iwo ndi mphunzitsi wina wa mu dipatimenti yemwe sanaiwerengepo ntchito yanga mpaka mwezi uno. Funso loyamba linali lomwe aliyense amakuchenjeza kuti lidzabwera, tatiuzeni mwachidule zomwe mwachita ndi chatsopano chomwe mwabweretsa. Ndinali nditaloweza yankho. Ndinayankhula mphindi mwina 10, mawu akuluakulu okhaokha a m'mabuku, ndikumaliza mphunzitsi uja anandiyang'ana mwachifundo ndithu n'kunena kuti zoti malamulo okhazikika sagwirizana ndi nyanja zosinthasintha anthu analemba kale zaka zoposa 20 zapitazo, za Nyanja ya Chad komanso za Chilwa yomweyo, ndipo inu mwawatchula bwinobwino mu chaputala 2, nde chanu ndi chiti? Kukamwa kunauma gwa. Ndinatsegula thesis, ndinatseka, ndinayamba chiganizo n'kuchisiya panjira. Sanandikalipire, anangoti tipitirize, koma mafunso ena onse ndinayankha mtima uli pa loyamba lija. Nditatuluka kunja kunali kutada kale, kuno nyengo ino 4 koloko madzulo magetsi a mumsewu ayaka, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba osakwera basi, misozi ikungotsika yokha.

Usiku womwewo ndinaimbira amayi. Kwathu inali itadutsa 9 koloko, nthawi yozizira ino timasiyana maola 2, koma anayankha. Sindinawauze za mock, ndinangoti Amayi, ndikufuna ndikufotokozereni zomwe ndalemba m'buku muja, mundimvere ngati zikumveka. Anati nena mwanangu ndikumva. Ndinayamba m'Chichewa, nde apa mpomwe ndinazindikira kuti mawu akuluakulu aja alibe pobisala m'chiyankhulo chathu, sungauze mayi ako mawu oti resilience, uyenera kunena chomwe chinachitika, anachita ndani, anadya chani. Ndinati ndapeza kuti nyanja ikauma anthu amasamuka, ena amalima pansi pa nyanja, ikabwerera amabwereranso. Anakhala chete pang'ono kenako anati, zimenezo nde tikuzidziwa kale iwe, madzi saiwala khwawa, nanga chomwe wapeza chomwe a boma ndi azunguwo sakuchidziwa ndi chani? Funso lomwe lija, liwu ndi liwu, kungosiyana chiyankhulo.

Nde poti ndi amayi anga sindinachite mantha, ndinayamba kuwauza za chaputala 6, chomwe ndinalemba mothamanga cha kumapeto ndipo ndinkachiona ngati chongoonjezera. Mmenemo ndinalemba za ngongole. Mayi wa geni amapatsa msodzi ndalama ya ukonde kapena ya ufa nthawi yomwe nyanja yatsekedwa, msodziyo nsomba zikayamba amayamba wagulitsa kwa iye. Mwini bwato amasunga anyamata ake ngakhale chaka choipa kuti asamuthawe madzi akabwera. Msodzi wa ku Chilwa akapita ku Chiuta sangofika ngati mbalame, ali ndi pofikira, munthu yemwe naye anamusungapo chaka china, ndipo ndi ameneyo amakamuonetsa kwa amfumu. Ndisanamalize amayi anandidula, anati eya, nanga ukuganiza kuti 1995 ija tinapulumuka bwanji, bambo ako ku Mangochi anakafikira kwa munthu yemwe ine ndinkamupatsa matemba pangongole zaka zitatu, ndipo dengu langa litayambanso nsomba zoyamba sindinalipire, anandipatsa mwana wa achimwene aja ndinawagulira ukonde iwe uli kumsana. Anafotokoza mayina, midzi, ndani anabweza ndani sanabweze, kwa theka la ola, mayunitsi a intaneti mpaka kuwathera. Zonsezi sanandiuzepo chikhalire, ndipo ine pa kafukufuku yense uja sindinawafunsepo, ndinkapita kukafunsa amayi a eni.

Nditadula foni ndinatenga pepala n'kulemba ziganizo zitatu m'Chichewa. Chomwe chimasunga anthu a ku Chilwa nyanja ikauma si komiti ya pa doko, chifukwa doko lenilenilo limasowa. Ndi maubale a ngongole ndi pofikira omwe amayenda limodzi ndi munthu kulikonse komwe wapita, ndipo ambiri mwa maubale amenewa ali m'manja mwa azimayi a geni omwe m'makomiti mawu awo samveka kwenikweni. Nde lamulo lomwe limawerenga anthu potengera doko lomwe alembetsa limaona obwera ngati vuto, pomwe kuyendako ndi komwe kumapangitsa kuti nyanja ikabwerera pakhale anthu, maukonde ndi mpamba woyambiranso. Kenako ndinazitembenuzira m'Chingerezi. Zinatuluka zazifupi, zopanda mawu a m'mabuku aja, ndipo nditawatumizira a supervisor anga m'mawa mwake anayankha kuti ichi ndicho mukanene, bwanji simunanene chonchi dzulo. Zonsezi zili mu thesis kale, sindikuonjezera kanthu katsopano, kungoti ndinaziika pa tsamba 190 m'malo moziika patsogolo, ndipo ndikudziwa kuti mwina amenewo ndiwo akhale ma corrections anga, kukonzanso mawu oyamba ndi omaliza kuti mtima wa ntchitoyi uoneke. Amenewo ndingawalandire ndi manja awiri.

Timapepala tofiira tija tambiri tili pa chaputala 3, cha njira zomwe ndinatsata pofufuza. Apa mpomwe ma examiner amakonda kukhalitsa, ndipo ine ndili ndi mabala enieni. Ndinapita ku field mu 2022, chaka chomwe kolera inayamba ku Machinga mwezi wa Malichi n'kufalikira dziko lonse mpaka kukhala mliri woipitsitsa wa kolera womwe Malawi waonapo. Pulani yanga inali yoti ndikakhale masiku ambiri ndi asodzi a m'zimbowera, tinyumba toyandama tija timamangidwa pa njedza mkati mwa nyanja, komwe anthu amakhala miyezi osaponda kumtunda, akumwa madzi omwewo. Malamulo oteteza ofufuza ndi ofunsidwa sanandilole kukagona kumeneko nthawi ya mliri, ndipo ndikuvomereza kuti zinali zoyenera, nde ambiri a iwo ndinacheza nawo pa doko akabwera kudzagulitsa kapena kudzagula ufa, ali pachangu, mphindi 20 munthu akuyang'ana bwato lake. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, kenako mafuta anayamba kusowa, maulendo a ku Phalombe ndi ku chilumba cha Chisi ndinawadula. Ndiye Malichi 2023 kunabwera Freddy. Ku Phalombe komwe ndinayenera kukamalizira kunali maliro ndi misasa ya anthu othawa madzi, milatho itakokoloka, sindikanatha kufika ndi kope langa n'kumafunsa munthu za ngongole ya ukonde ali pa sukulu wagona pansi nyumba itapita. Ndinasiya. Nde thesis yanga imayankhula kwambiri za mbali ya Zomba ndi Machinga, ndipo palinso chinthu china chachikulu, ndinafufuza za kuuma kwa nyanja pa nthawi yomwe nyanja inali ndi madzi, zambiri ndi zomwe anthu akukumbuka za 2018 ndi 1995, osati zomwe ndinaona zikuchitika.

Poyamba ndinkakonzekera kuzitchinjiriza zonsezi, kupeza mawu oti zioneke ngati ndinachita dala. A supervisor anga anandiletsa. Anati ma examiner awerenga ma thesis ambiri, bowo amaliona ali patali, chomwe akufuna kudziwa ndi choti kodi inuyo mukuliona, ndipo mukudziwa kuti likuchepetsa pati zomwe munganene. Nde pa kapepala kofiira kalikonse ndalemba kumbuyo zinthu zitatu, chinachitika ndi chani, ndinasankha chani pa zomwe zinalipo, ndipo chifukwa cha chimenecho sindinganene zotani. Mwachitsanzo sindinganene kuti zomwe ndapeza ndi za nyanja yonse, ndipo sindinganene kuti ngongole zija ndi zabwino zokhazokha, chifukwa ndinakumananso ndi anyamata omwe ngongole yomweyo inawamanga kwa bwana mmodzi zaka ndi zaka, akugulitsa nsomba motchipa poti alibe kolowera. Zimenezonso zili mu chaputala 6 ndipo ndikazinena ndisanafunsidwe.

Kapepala kamodzi kofiira nkomwe kakundisowetsa mtendere kuposa tonse, ndi ka kumasulira. Macheza onse anali m'Chichewa, ena mosakaniza ndi Chiyao kapena Chilomwe pomwe wondithandiza ankandimasulira, ndipo ine ndi amene ndinawasandutsa Chingerezi. Mu thesis monse ndalemba kuti migrant fishers. Koma pa doko palibe amene ananena mawu amodzi okha. Ena ankati obwera, ena alendo, ena anzathu a ku Mulanje, ena ankangotchula dzina la mudzi wawo, ndipo mawu amenewa salemera mofanana. Obwera ali ndi kamwano mkati, amakukumbutsa kuti kuno si kwanu. Mlendo nde amalandiridwa, amapatsidwa mpando, paja timati mlendo ndi mame sachedwa kukamuka. Agogo ena a ku Mposa omwe ndinacheza nawo kawiri sanagwiritsepo mawu oti obwera ngakhale kamodzi, pomwe wa komiti wina wachinyamata ankangoti obwerawa obwerawa. Ine zonsezo ndinazithira m'thumba limodzi la Chingerezi. Ma examiner anga sadziwa Chichewa, mwina sangazione n'komwe, koma ine ndikuziona, nde ndabwerera ku ma recording, ndakhala masiku atatu ndi mahedifoni kumvetseranso, ndikulemba pomwe pali obwera ndi pomwe pali alendo ndi amene ananena. Akandifunsa kuti mukanayambiranso mukanasintha chani, yankho langa ndi limeneli, ndikanasiya mawu a eni ake mmene alili n'kuwafotokoza, osawaphimba.

Kumvetsera ma recording kuja kwandichitanso china chake. Kumbuyo kwa mawu kukumveka mphepo ya pa Kachulu, nkhafi kugunda bwato, mayi akuitanira mandasi, wina akukuwa kuti achemwali tabwerani mudzaone makumba awa. Pali pena pomwe bambo wina akundifunsa kuti nanga zimenezi mukakalemba kunjako ife tidzazimva? Ndipo ndikudzimva ndekha ndikuyankha kuti eya bambo ndidzabwera nazo. Limeneli ndi lonjezo lomwe ndinapereka ndi pakamwa panga, lili pa tepi. Funso la positionality lomwe amakonda kufunsa, loti inuyo ndinu ndani kwa anthu omwe munawafunsa ndipo zimenezo zinakhudza bwanji zomwe anakuuzani, kwa ine yankho lake ndi lovuta mbali zonse, chifukwa ena ankandiona ngati mwana wa mayi wa matemba uja nde ankamasuka, ena poona kope ndi foni yojambulira ankaganiza kuti ndine wa fisheries kapena wa bungwe lobweretsa thandizo nde ankayankha mochenjera. Sindingathe kudziyesa mlendo kotheratu komanso sindingadziyese mwini mudzi, ndinachoka kalekale ndipo sindinagonepo ndi njala chifukwa cha nyanja kuyambira ndili mwana.

Zina zomwe ndikuchita masiku ano ndi zazing'ono koma zikundithandiza. Ndawerenga zomwe a external alemba m'zaka zaposachedwa, osati kuti ndikawasangalatse koma ndidziwe maso omwe akuwerengera ntchito yanga, iwo ndi a mbali ya zachuma nde ndikuyembekeza kuti andipanikiza kuti bwanji mulibe manambala ambiri. Ndafufuza zomwe zatuluka zokhudza Chilwa ndi usodzi wa m'nyanja zosaya kuchokera pomwe ndinapereka thesis. Chaputala chilichonse ndachifinya pa tsamba limodzi. Ndalemba mndandanda wa zolakwika za sipelo zomwe ndapeza ndekha kuti ndikapereke akafuna, pali tebulo lina mu chaputala 5 lomwe mutu wake ndinasemphanitsa ndi linzake, ndinachita manyazi nditaliona koma bola ndaliona ine. Madzulo alionse mnzanga wa ku Netherlands uja amandifunsa mafunso 5 mosasankha, ine ndikuyankha mokweza nditaima, chifukwa kudziwa yankho mumtima ndi kulitulutsa pakamwa m'chiyankhulo cha eni mtima ukugunda ndi zinthu ziwiri zosiyana. Akundiphunzitsa kudekha, kuti funso likabwera ndisalumphire, ndipume, ndikhoza kulilemba, ndikhoza kupempha kuti alibwereze, ndikhoza kutsegula tsamba, ndipo ngati sindikudziwa ndinene kuti sindikudziwa koma ndikuganiza motere. Ife tinakula tikuuzidwa kuti wamkulu satsutsidwa, nde kuuza pulofesa wa imvi kuti pamenepo sindikugwirizana nanu chifukwa cha ichi ndi ichi, lilime limalemera, koma ndi chomwe akuyembekeza kwa ine tsiku limenelo, nde ndikuyeserera ngakhale chimenecho.

Tsiku lisanafike dzulo lake sindiwerenga kanthu, ndalonjeza. Ndasinthitsa kale shifiti ya ku ntchito. Zovala ndakonza, jekete yakuda ndi siketi ya chitenje yomwe anandisokera telala wa pa Matawale ndisananyamuke, ndinkaisunga kuti ndidzavale pa graduation koma ndaona kuti tsiku lake ndi limeneli. Amayi akuti azimayi a Mvano akumana m'mawa wa tsikulo, nde ndawauza kuti 10 koloko ya kuno ndi 12 koloko ya kwathu asasokoneze. Mu kabati ndili ndi kapaketi ka matemba komwe munthu wina anandibweretsera mwezi wa Ogasiti, katsala pang'ono, ndakasunga kuti ndidzaphike madzulo ake ndi tomato ndi nsima, kaya zikathera pa minor kaya pa major. Mawa ndikuyamba chaputala 4, kuli timapepala tofiira tiwiri tomwe sindinatilembe kumbuyo, kenako ndiimbirenso amayi andiuzenso bwinobwino za achimwene a ukonde aja, ulendo uno ndili ndi kope pafupi.